Dothi limene aZuze sanaponye

Tsiku limene uthenga wa imfa ya aZuze Mwanza unandipeza, kunatentha kuyambira m'mamawa. Nthawi isanakwane naini mbuzi zinali zitapanikizana kale pansi pa nkhokwe. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mupani osapumira, kulira kuja kumene kumalowa m'mutu mpaka munthu osamvanso mawu ake. Mphepo kunalibe. Koma chakum'mawa, mbali ya ku Zumbo, mitambo inali itaunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kunsi, ndipo mabingu ankagunda patali ngati lole yodutsa pamsewu wa miyala. Ine ndinali kukhoma mwendo wa benchi ya kutchalitchi pamene foni inalira. Anali Lusiya, mwana wawo.

"Atata aDaka, atata aja atisiya m'mawa muno."

Ndinafunsa ngati anadwala. Iye anati ayi, anangogwa pabwalo akuyendayenda, maso ali kumwamba. Sindinadabwe. Tsiku lotere aZuze sakanakhala pansi.

Mawa chikwana chaka. Ndalemba izi chifukwa achinyamata a m'mudzi muno amawadziwa ndi chinthu chimodzi chokha: kuti ndi mdala uja anathawa pamanda a mkazi wake kukaona njoka. Zinachitikadi, ine ndinalipo, ndipo ndinkatsogolera nyimbo. Koma munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sakwana m'masana amodzi.

AZuze sanali a kuno. Anabadwira kumtunda, kwa Mburuma, ndipo kuno kwa Mphuka anabwera ngati mkamwini atakwatira aTeleza. Anakhala zaka zoposa makumi anayi. Anamanga nyumba, analima munda wa mapira umene apongozi awo anawalozera, anakumba nawo manda a anthu ambiri a kuno. Koma nthaka imene ankapondapo inali ya kuchikazi, ndipo iwo sankaiwala zimenezo. Ali mnyamata anagwirapo ntchito kutsidya kwa Zambezi, pa famu ina imene mwini wake ankaweta njoka ndi kuzikama ululu. Kumeneko anabwerako ndi luso, nasiyako zala ziwiri za dzanja lamanzere.

Njoka ikalowa m'khola la nkhuku, m'nkhokwe kapena m'chimbudzi cha kusukulu, anthu ankathamangira kwa aZuze. Iwo ankafika panjinga ndi thumba, ndi ndodo yokhala ndi ngowe ya waya kunsonga. Choyamba ankapitikitsa aliyense wonyamula mwala. Kenaka ankaima chete nthawi yaitali, kuyang'ana chabe, mpaka mwini nyumba kuyamba kung'ung'udza, ndiye mwadzidzidzi njoka ili m'thumba, iwo akumanga kukamwa. Sankapha. Ankati njoka yolowa m'nyumba yabwera ndi ludzu kapena yatsata khoswe, ndi munthu ilibe mlandu.

Ankazisunga m'khumbi kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi mtengo wa masau. Zipupa zinali za bango, denga la malata akale otsindikiza ndi miyala, mkati mabokosi a matabwa okhala ndi waya wa sefa mbali imodzi, ndi migolo iwiri. Munthu akati ziweto zanu, ankamukonza. Ankati ndi alendo odikira mvula. Miyezi yotentha, tchire likapsa ndi madambo kuuma, njoka yotayidwa kuthengo imabwerera kumudzi kumene kuli mitsuko ndi nkhuku. Choncho ankadikira mvula igwe katatu, udzu ubise akakolo, ndiye n'kuyamba kuzinyamula ziwiriziwiri panjinga kupita kumapiri kumene kulibe anthu. N'chifukwa chake khumbi linkadzaza kwambiri mu Novembala, mwezi womwe mikuntho yoyamba imafika.

Ine njoka ndimaziopa, ndipo m'khumbi muja sindinkalowamo. Koma zimene zinkachitika mvula ikamayandikira zinkamveka uli panja. Nsato imene yagona milungu iwiri ngati mtolo wa zingwe inkafunyulula thupi, n'kumayendetsa mphuno m'mphepete mwa chivundikiro, kukankha, kufuna mpata. Mamba inkazungulira m'bokosi osaleka, n'kumamenya waya mpaka mphuno kusupuka. Ina ija yolavulira munthu m'maso inkakana khoswe, n'kuima itatambasula khosi, kulavulira chilichonse chodutsa ngakhale mthunzi. Mphiri yokha sinkasuntha, koma inkapuma mwamphamvu ngati tayala lophwa. Zonse pamodzi zinkapanga kaphokoso kosatha, kukwekwereza ndi kugogoda, kamene kankayamba mitambo isanaoneke n'komwe.

Masiku otere aZuze anali ndi malamulo awo. Bokosi silitsegulidwa. Njoka sidyetsedwa, chifukwa imasanza. Pachivundikiro chilichonse pakhale mwala, pamwamba thumba lonyowa. Ana akasewerere kutali. Ankati njoka ya kuthengo ikamva mvula imasamuka kuchoka kuuna umene udzadzaze madzi, imakwera pamtunda, mtima n'kukhala pansi. Ya m'bokosi imamva zomwezo koma ilibe kopita, ndiye ukali wake wonse umasungira amene adzatsegule.

Chimene sankachiona n'chakuti iwonso ankakhala chimodzimodzi. Zitsa za zala zija zinkayamba kuyabwa, n'kumazikwecha pa thalauza. Chakudya chinkazizira chili chivundikire. Ankazungulira nyumba, kupita kukhumbi, kugwedeza mwala uliwonse, kubwerera, kuyang'ana kumwamba, kupitanso kukagwedeza miyala yomwe ija. Ukawalankhula ankayankha theka la mawu, khutu lili kukhumbi. Mvula ikayamba kugwa ndithu, njoka zinkadekha, iwonso n'kugona pampando kukamwa kuli yasa.

Asodzi anazindikira msanga zimenezi. M'mawa, asanakankhe mabwato, ankadzera kwa aZuze nkhafi zili paphewa. Ankawatcha asikulu, ndiko kuti agogo.

"Asikulu, wailesi yanu yakamba chiyani lero?"

"Yakamba kuti ukasambe, ukununkha nsomba za dzana."

"Awe, asikulu, kambani zoona. Tiwoloke?"

"Ine sindine Mulungu. Nsato sinagone kuyambira dzulo masana. Zotsalazo uganize wekha, mutu uli nawo ngakhale ndi waung'ono."

Amuna aja ankaseka, ndipo ambiri ankatchera maukonde pafupi ndi gombe tsiku limenelo. Koma wina akayerekeza kuwatcha mlosi, aZuze ankakwiya zenizeni. Ankakumbutsa anthu masiku amene njoka zinavuta usana wonse, mitambo n'kudutsa kukakhuthulira kutsidya, ife n'kutsala ndi fumbi. Ankati njoka zimamva kuti mvula ili panjira, koma njira imene idzere sizidziwa.

Ine ndinayambana nawo kamodzi, chifukwa cha tchalitchi. Nyengo ya mikuntho ankatuluka pakati pa pemphero, kudutsa pamiyendo ya anthu, chipewa chili m'manja. Lamulungu lina anatuluka nthawi ya Mgonero. Akulu a mpingo anandituma kuti ndikawalankhule, ndiwauzenso kuti anthu ena sakondwa kukhala benchi imodzi ndi munthu wosunga cholengedwa chimene chinatembereredwa m'munda muja. Ndinawapeza akutchera misampha ya makoswe. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandifunsa ngati ndinawerenga bwino temberero lija: analamula kuti njoka izikwawa ndi mimba, kodi analamulanso kuti izithiridwa palafini? Anandifunsanso ngati pa chigumula chija njoka zinasiyidwa panja pa chombo. Ndinati sizinasiyidwe. Anati ndiye wina wake anazisunga m'bokosi mvula ikugwa, ndipo munthu ameneyo timamuyamikira paguwa.

"Nanga kutuluka pakati pa Mgonero?" ndinafunsa.

"ADaka, Mulungu ndikamusiya ola limodzi ndimupeza ali pomwepo. Mamba sindiipeza."

Sindinakondwe ndi yankho limenelo, ndipo ndinawauza kuti sindinakondwe. Milungu itatu tinkangopatsana moni wouma. Pamapeto pake ndinawakonzera kampando pafupi ndi khomo, kuti azituluka osaponda munthu. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri.

ATeleza ankati ali pamitala ndi nsato, ndipo mkazi wamkulu ndi nsatoyo chifukwa ndiyo imaonedwa poyamba m'mawa. Ankadandaula pachitsime, kutchalitchi, kumaliro, paliponse. Ankati adzukulu awo sagona pakhomo chifukwa Lusiya amaopa. Ankati tsiku lina bambo awa adzapha munthu. Koma matumba onse a njoka ankasoka ndi iwo, msoko wobwereza kawiri, ndipo ankauyesa pokoka ndi mano. Munthu wina akanena zimene iwo ankanena, ankamutembenukira: "Nanga ija inalowa m'mbiya yanu ya mowa anachotsa ndani, amuna anu aja anakwera pankhokwe?"

Amene sankaseka nkhani za njoka ndi aBenadi, mlongo wawo wa aTeleza, mwini mbumba. Kalekale mwana wamkazi wa aBenadi wa zaka zisanu ndi chimodzi anaponda mphiri kumunda. AZuze anafika, nakaniza anthu kutema mphini pabala, nati mwanayo athamange naye kuchipatala ku Boma. Anamwalirira panjira. Kuyambira pamenepo aBenadi sankakhala pansi akafika pakhomo pa mlamu wawo. Ndikunena izi kuti wowerenga asawaone ngati munthu wouma mtima chabe.

ATeleza anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, Lachiwiri lina la Novembala. Anagwa akuchokera kumtsinje ndi ndowa pamutu, ndipo dzuwa lisanalowe anali atapita. M'mawa wa tsiku lomwelo aZuze anapeza kuti chivundikiro cha bokosi la mamba chang'aluka ndi kutentha. Anali ndi nyundo m'manja pamene mfuu inamveka. Anaika mwala pachivundikiro n'kuthamanga. Kuyambira ola limenelo anali namfedwa, ndipo namfedwa kuno amakhala pamphasa atafunda nsalu, sagwira ntchito, sayenda yekha, mpaka maliro ataikidwa ndi tsitsi kumetedwa.

Tsiku loika linali Lachinayi. Kunacha kolemera, thukuta kutuluka munthu ali chikhalire. Pakati pa nyimbo, tikamapuma mpweya, kugogoda kunkamveka kuchokera kukhumbi. Azimayi ophika anasuntha moto wawo kupita kutali. AZuze anandikodola. Ankakwecha zitsa za zala pabondo mpaka khungu kuyera.

"Pitani kwa alamu. Andilole mphindi zisanu chabe, ndikakhome bokosi limodzi."

Ndinapita. ABenadi anandiyang'ana maso ali ofiira.

"Mlongo wanga ali m'nyumbamo, asanaikidwe, ndipo iwo akulira njoka? Kawauzeni akhale pamphasa. Lero lokha akhale mwamuna wa Teleza."

Ndinabwerera nawo mawuwo, ndikuwafewetsa mmene ndikanathera. AZuze anandigwira mkono.

"Nanga inu? Kukhoma mumadziwa. Misomali inayi chabe. Ili m'chitini, pakhomo pa khumbi."

Ndinati ndidzakhoma tikabwerako kumanda. Choona n'chakuti ndinaopa.

Tinanyamuka cha m'ma thu. Monga mwa mwambo, ana ndi nkhalamba zosatha kuyenda anatsala pakhomo. Manda athu sali kutali, munthu akafuula kumudzi umamva. Pamene tinkafika, theka la thambo linali litada ngati mphika. Adzukulu anatsitsa bokosi la maliro mofulumira, maso awo akuyang'anayang'ana kumwamba. Abusa anafupikitsa mawu. Ndiye nyenje zinaleka zonse pamodzi, ndipo mphepo yozizira inatiomba kumsana, kukweza nsalu za azimayi ndi fumbi la pamtumbira.

Mdzukulu anabweretsa fosholo ya dothi kwa aZuze, chifukwa mwamuna ndiye amayamba kuponya potsanzika mkazi wake. Anatapa. Dothi linali m'dzanja lawo, ine ndinaliona. Nthawi yomweyo kuchokera kumudzi kunamveka lata likung'ambika, phokoso lija lokhala ngati chitsulo chikulira. AZuze anatembenuza mutu. Anatsegula dzanja, dothi linagwera pamapazi awo, ndipo anathamanga. Nsalu yofunda inatsalira pa chitsamba cha minga.

"Atata!" Lusiya anakuwa.

"Mwaona? Mwaona nonse?" anatero aBenadi.

Nyimbo inandithera kukamwa. Mvula inafika ndi matalala, adzukulu anakwirira mothamanga, anthu n'kubalalika. Ine ndinali m'gulu la oyamba kufika kumudzi, ndipo ndinapita kukhumbi ndili wokwiya, kuti ndikawauze mawu amene sindinauzepo munthu. Mkazi wanga ndinali nditamuika zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo dzanja la dothi lija ndinkadziwa kulemera kwake.

Denga kunalibe. Chipupa chimodzi chinali pansi. Mgolo umodzi unali utagubuduka, kukamwa kuli pululu. AZuze anali atagona chafufumimba pamwamba pa bokosi la mamba, atalikumbatira ndi manja onse, matalala akuwamenya pamsana wopanda malaya. Mwala uja unali utakankhidwa ndi lata pogwa. Mkati njoka inkamenya waya, kamodzi, kawiri, pafupi ndi chigongono chawo, ndipo chivundikiro chinkatukuka pansi pa chifuwa chawo. Mapazi khumi okha kuchokera pamenepo, pakhonde la khitchini, panali patapanikizana ana, mwina khumi ndi asanu, ndi agogo awiri, kubisala mvula. Mtsikana wina wosinkhukirapo ankatola matalala n'kumaika m'kamwa.

"M'chitini!" aZuze anafuula. "Khomani ndili pomwepa!"

Ndinakhoma. Msomali woyamba unapindika, wachiwiri ndinadzimenya chala. Ndinakhoma isanu ndi umodzi, iwo ali chigonere, mvula ikutilowa m'kamwa. Nditamaliza anatsetsereka n'kukhala m'matope. Sanayang'ane bokosi. Anayang'ana kumanda, nafunsa, "Akwirira?" Ndinati akwirira.

Ya mumgolo ija, yolavula, inali itapita. AZuze anaifunafuna mpaka dzuwa kulowa, anthu akuwaonerera, ndipo ichi chinawonjezera mkwiyo: namfedwa akuvundukula nkhuni ndi ndodo tsiku loika mkazi wake. Inapezeka m'mawa mwake mumulu wa nkhuni za azimayi ophika. Inalavulira mkazi wa aBenadi m'diso. AZuze analamula kuti amutsuke ndi madzi ambiri, ndowa ndi ndowa, ndipo diso linachira patapita masiku. Koma amuna anaipha njokayo ndi mipini, naikoleka pamtengo kuti aliyense aione.

Loweruka, atameta tsitsi, abale anakhala pansi pa mtengo wa masau. Ine anandiitana monga wa mpingo. ABenadi analankhula ali chiimire, osakweza mawu. Anati mlongo wawo anakhala zaka makumi anayi akuopa kuseri kwa nyumba yake yomwe. Anati wapita osatsanzikidwa ndi mwamuna wake, pamaso pa mudzi wonse. Anati dzulo linali diso la mkazi wawo, mawa adzakhala mwana wa yani? Palibe chimene ananama. AZuze anangoti bokosi linali long'aluka, ndi kuti anali atapempha kuti akalikhome. Sanatchule za ana pakhonde. Sanatchulenso kuti anapempha ine.

Kenaka aBenadi anatembenukira kwa ine.

"ADaka, inu munafika poyamba. Munaona chiyani?"

Ndinati ndinawapeza atagona pabokosi. Ndinati nkhaniyi ndi yolemera, tisafulumire, tiyambe tapemphera ndi kuganiza. Moyo wanga wonse anthu amanditama kuti sindifulumira kuweruza, ndipo tsiku limenelo ndinachita zimene amanditamira. Ndinkafuna kuti ndiyeze bwinobwino m'mtima mwanga, ana aja mbali ino, dothi lija mbali inayo. Ndikali kuyeza, iwo anagamula.

Anawasudzula tsiku lomwelo, ndiko kuti anawamasula ku ukwati n'kuwauza abwerere kwawo. Mkamwini wokalamba kawirikawiri amaloledwa kutsala ndi ana ake, koma iwo sanaloledwe. Munda unabwerera kwa eni ake. Njoka ziphedwe.

AZuze anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, masiku atatu oti anyamule njoka kupita nazo kumapiri, popeza mvula inali itayamba. Chachiwiri, kuti wina awaperekeze kumanda akaponye dothi lawo, chifukwa kumanda kwa eni sulowako wekha. Zonse ziwiri anakana.

Matabwa anali onyowa, choncho anakatenga petulo wa injini ya bwato. Munali njoka khumi ndi zitatu. AZuze anakhala pamphasa, mutu wometa, manja pamaondo. Anangonena kamodzi, mawu otsika, kuti nsato yokha aitulutse, siluma munthu. Amuna anayatsa moto. Kugogoda kuja kunakula kwambiri, kenaka kunaleka. Azimayi ena analowa m'nyumba. Ine ndinaima pomwepo mpaka moto kuzima, ndipo sindinanene kanthu.

Lolemba anakwera lole yobwerera kukatenga makala kumtunda. Anatenga njinga, ndodo yawo ya ngowe ndi kachikwama ka zovala. Lusiya, amene amakhala ku Boma, sanawalankhule zaka ziwiri. Nditamufotokozera zonse zimene ndinaona, analira, nandifunsa chifukwa chake sindinanene pansi pa mtengo paja. Mwezi wotsatira anapita kukawaona, ndipo sanalekenso.

Ine ndinapitako katatu. Ankakhala kwa mwana wa mlongo wawo, kuyang'anira mbuzi. Njoka sanasungenso. Wina akawaitana ankagwira, n'kupalasa njinga nthawi yomweyo mpaka kuthengo, ngakhale ankadziwa kuti ibwerera. Ulendo wanga womaliza unali mwezi wa mikuntho, ndipo ndinawapeza akuzungulira pabwalo, akukwecha dzanja pa thalauza. Anali ataika miyala padenga la khola la mbuzi, pachivundikiro cha mgolo wa madzi, ngakhale pamphika wa nyemba. Mkazi wa mwana wa mlongo wawo uja anandinong'oneza kuti mitambo ikada amabisa mbale.

Ndinayenda nawo mozungulira bwalo, popeza kukhala pansi sakanatha. Ndinawauza kuti ndinalakwa kawiri, posakhoma m'mawa uja ndi posalankhula Loweruka lija.

"Inu aDaka mumachedwa ngakhale kuyetsemula," anatero. "Koma isanu ndi umodzi ija munakhoma bwino. Ndinaimva m'nthiti."

Tinazunguliranso kawiri. Kenaka anafunsa ngati pamanda a aTeleza pamalimiridwa. Ndinati pamalimiridwa. Anafunsa ngati aBenadi ali bwino, ndinati miyendo ikuwavuta. Anagwedeza mutu, nati alamu awo tsiku lija sankatentha njoka za m'mabokosi, ankatentha mphiri ija ya kumunda, imene sanaipeze zaka zonsezi. Anati munthu akataya mwana ndi mlongo amafuna chinthu choti agwire ndi manja, ndipo chimene chinali pafupi chinali iwo aZuze. Anatinso mgolo uja anayenera kuumangirira pamtengo chaka chomwecho, aTeleza anawauza kangapo, iwo osamva. Anandiuza zimene zinali mumtima mwawo pa anthu onse amene anakhala pansi pa mtengo paja, nati ndisapite nazo khomo ndi khomo ngati wogulitsa nsomba. Ndidzauze yekhayo amene adzafunse.

Anaikidwa kwawo kwa Mburuma. A kuno tinapita anthu anayi.

Nyumba yawo inagwa mvula ya chaka chachitatu, ndipo njerwa zake anthu anatola. Pamene panali khumbi palibe amene analimapo kapena kumangapo. Pali bwalo laling'ono la dothi lakuda, ndi zidutswa za waya wa sefa zodyeka ndi dzimbiri zimene zimakola mapazi a mbuzi. Mgolo umodzi ukadalipo, wobooka pansi, ndipo nkhuku ya eni malo imaikiramo. Mtengo wa masau unapsa mbali imodzi, mbali inayo umabereka, koma ana satola, amadzera njira ya kumunsi. Njoka ikalowa m'nyumba masiku ano anthu amabwera ndi miyala ndi madzi otentha. Asodzi amayang'ana nyengo pafoni.

Dzana ndinadutsa pamenepo ndikuchokera kumtsinje, ndipo ndinapeza aBenadi atakhala pamuzu wa mtengo uja, ndodo ili pakati pa miyendo. Zaka zonsezi sindinawaonepo atakhala pansi pamalo amenewo. Ndinawapatsa moni, nandiyankha. Analoza ndi chibwano pamene panali khonde la khitchini.

"Mdzukulu wanga Esitere akuti analipo apa tsiku lija. Akuti ankadya matalala. Wandiuza chaka chino, ali ndi mwana kumsana." Anakumba pansi ndi ndodo. "Inu munkapitako kumtunda kuja. Alamu ananenapo chiyani za ife?"

Ndinakhala pansi pambali pawo, ndipo nthawi ino sindinapemphe kuti ndiyambe ndaganiza. Ndinawauza monga mmene ndinamvera. AZuze anawakhululukira onse.